Njuchi za m'sipika: lipoti la kusintha katiriji ku Mabelreign

Ntchito iyi ndinaigwira kuyambira mu Julayi 2023 panyumba ina ku Mabelreign. Ndinalonjeza kuti ndidzamaliza tsiku limodzi, koma ndinapitako kanayi, ndipo ulendo wachitatu unabwera chifukwa cha kulakwitsa kwanga. N'chifukwa chake ndikuilemba, kuti anzanga okonza zoimbira muno mu Harare musapunthwe pa chitsa chomwecho.

Eninyumba ndi bambo a zaka zopitirira 70, anapuma pa ntchito yowerengera ndalama. Anabadwira konkuno, bambo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Nambala yanga anaipeza kwa mkulu wa mpingo wathu. Pafoni anangoti, "Amisiri, mwana wanga wanditumizira singano yodula kuchokera ku England, koma galamafoni ikuimba ngati munthu wa chimfine. Yakale ija inali bwino."

Galamafoni imene ankanenayo ndi Technics SL-1200G, chimakina cholemera makilogalamu 18, chimene mwanayo anawagulira mu 2018. Chiyambire inkagwira ntchito ndi katiriji (kachipangizo konyamula singano kumapeto kwa mkono wa galamafoni) ya Ortofon 2M Blue, ya mtundu wa MM, momwe maginito ndi amene amagwedezeka. Ampulifaya yawo ili ndi polowetsera galamafoni, koma pa MM pokha. Mbale ali nazo pafupifupi 600, ndipo zoposa theka ndi zing'onozing'ono za 45 (zozungulira ka 45 pa mphindi) za m'ma 1970 ndi 1980: sungura, rumba, chimurenga, makwaya. Zambiri zinadutsa kale pa ma radiogram a m'malokesheni, zinavinidwa pa maukwati ku Mbare ndi ku Highfield, ndipo zipsera zake zimaoneka ndi maso.

Katiriji yatsopano inali Denon DL-103, ya mtundu wa MC, momwe timakoyilo ndi timene timagwedezeka. Inapangidwa koyamba mu 1962 kuti izigwira ntchito pa wayilesi ya NHK ku Japan, ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Amene anaimanga ndi mdzukulu wawo, mnyamata wa ku yunivesite, akuonera pa YouTube. Anaimbira milungu iwiri asanandiitane.

Zimene ndinapeza tsiku loyamba

Madandaulo anali atatu. Mawu anatsika kwambiri moti ankakweza voliyumu pafupifupi mpaka kumapeto, ndipo pansi pa nyimbo pankamveka kuti sss ngati tayala lophwa. Besi inathawa. Ndipo woimba akakweza mawu, ankasasa.

Ndisanakhudze yatsopanoyo ndinapempha yakale. Ndimatero nthawi zonse, chifukwa kasitomala akamati yakale inali bwino, ndimafuna kudziwa chimene khutu lake linazolowera. Pa galasi lokulitsa, nsonga ya dayamondi inali itaperepeseka mbali zonse ziwiri, ikunyezimira ngati mpeni wonola. Bambowo amaimba ola limodzi madzulo alionse, ndiye zaka zisanu ndi maola opitirira 1,500, pamene opanga amati singano yosamalidwa bwino imafika cha m'ma 1,000. Kusintha kunali kofunikadi. Mwana wawo sanalakwe.

Vuto la besi silinandivute. Ndinaika mbale ya 45 ya mono, imene mawu a woimba amayenera kukhala pakatikati pa sipika ziwiri. M'malo mwake mawuwo anamwazikira m'makoma, osadziwika kumene akuchokera. Nditamasula headshell, kamutu ka mkono kamene katiriji imamangidwapo, ndinapeza waya wofiira ndi wobiriwira atasinthanitsidwa. Dongosolo lake ndi ili: woyera ndi wabuluu ndi a kumanzere, wofiira ndi wobiriwira ndi a kumanja. Mnyamatayo anajambula katiriji yakale pafoni n'kubwezera mawaya m'malo omwewo, osadziwa kuti makampani saika timapini mofanana. Zotsatira zake sipika imodzi inkakankha mpweya pamene inzake ikukoka, ndipo mawu okhuthala ankaphana okhaokha m'chipindamo. Ndinasinthanitsa ndi kapanila kakang'ono, besi inabwerera nthawi yomweyo. Bambowo anaseka, nati, "Basi, mwatha?" Ndinawauza kuti ayi, tangoyamba.

Kusasa kunachokera pa kulemera kwa singano. Sikelo yanga inaonetsa magalamu 1.6. DL-103 imafuna 2.5, ndipo malire ake ndi 2.2 mpaka 2.8. Mnyamatayo anapepula dala, poganiza kuti akusunga mbale za agogo ake. Maganizo amenewa ndakumana nawo kambirimbiri, ngakhale kwa amisiri anzanga. Singano yopepuka mopitirira siigwira makoma a kanjira ka mbale, imadumphadumpha n'kumawamenya, ndipo kumenyako n'kumene kumaswa pulasitiki. Yolemera pang'ono mkati mwa malire ake imangoyenda phee. Ndinayambiranso pa ziro, mkono ukuyandama, kenako ndinaika 2.5 pa sikelo, osadalira manambala a pa chitsulo cha kumbuyo.

Apa ndichenjeze amene sanagwirepo MC. Maginito ake ndi amphamvu. Sikuludiraiva yachitsulo ikayandikira imakokedwa mwadzidzidzi, ndipo ikagunda kamtengo konyamula singano, ntchito yathera pomwepo, chifukwa singano ya katiriji imeneyi sisololedwa ngati ya MM. Chophimba chake chizikhalapo mpaka timabawuti titamangidwa. Thupi lake ndi lapulasitiki, lokhala ndi mipata yotseguka m'mbali, choncho musamange ngati mukumanga wilo la kombi.

Vuto la mawu otsika linali losatheka kulithetsa tsiku limenelo. 2M Blue imatulutsa 5.5 mV, DL-103 imatulutsa 0.3 mV. Kusiyana kwake ndi ka 18. Polowetsera pa MM pamakulitsa mawu pafupifupi ka 100, pamene MC yotere imafuna ka 1,000. Chimene bambowo ankamva kuti sss chinali phokoso la ampulifaya yeniyeniyo itatsegulidwa kukhosi konse. Mwana wawo anagula katiriji yabwino, koma wogulitsa kapena intaneti sinamufunse kuti kunyumbako kuli ampulifaya yotani.

Masamu a mkono

Ulendo wachiwiri ndinatenga mbale yoyesera, kachitsulo koika pakati pa headshell ndi katiriji, ndi kabokosi kanga ka phono ka MC, kokulitsa mawu ofooka a katiriji, koti ndiwabwereke.

Ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya mkono, chifukwa ndi pamene ambiri amakanira katiriji imeneyi popanda chifukwa. Mkono ndi labala wa m'kati mwa katiriji zili ngati galimoto ndi masipuling'i ake, zili ndi liwiro limene zimanjenjemera zokha. Timafuna kuti likhale pakati pa 8 ndi 12 Hz. Likatsika, mbale yopindika kapena munthu woyenda pansi amadumphitsa singano. Likakwera, limalowerera m'nyimbo. Kawerengedwe kake: chulukitsani kulemera konse ndi kufewa kwa labala, pezani square root, ndipo gawani 159 ndi yankholo. Mkono wa Technics umawerengedwa magalamu 12 pamodzi ndi headshell, katiriji ndi 8.5, timabawuti theka la galamu, zonse 21. Pepala la Denon limati kufewa ndi 5. Mukalowetsa 5 ameneyo mupeza 15.5 Hz, n'kuuza kasitomala kuti wataya ndalama. Koma 5 ameneyo anayezedwa pa 100 Hz, monga amachitira makampani ambiri a ku Japan, pamene masamuwa amafuna muyeso wa pa 10 Hz, umene umakhala wokwerapo ka 1.5 mpaka kawiri. Mukaika 9 kapena 10, yankho limagwera pa 11 kapena kupitirira pang'ono.

Mbale yoyesera inavomereza. Mkono unayamba kuvina pakati pa 11 ndi 12 Hz, m'malire koma m'mphepete. Kachitsulo kanga ka magalamu 4 kanautsitsira pakati pa 10 ndi 11. Kanathandizanso kwina: DL-103 ndi yaifupi ndi mamilimita atatu poyerekeza ndi 2M, ndipo ngakhale mkono utatsitsidwa mpaka pa ziro, kumbuyo kwake kunali kotukukabe. Kachitsuloko kanauwongola. Kumbuyo ndinawonjezera kachitsulo kothandizira kamene kamabwera m'bokosi la galamafoniyi, kamene mayi a m'nyumbamo anakapeza m'kabati ya mbale zodyera.

Pa kaimidwe ka singano ndinasankha kutsatira geji ya Technics ya mamilimita 52, osati njira ina yotchedwa Baerwald, imene imawongola singano pa mamilimita 66 ndi 120.9 kuchokera pakati pa mbale. Ndikudziwa kuti anzanga ambiri amalumbirira Baerwald, ndipo pa mbale zazikulu za LP zokha ndingavomere. Koma nyimbo za pa mbale ya 45 zonse zili kufupi ndi pakati, ndipo geji ya Technics imakondera dera lomwelo. Munthu amene mbale zake zambiri ndi za 45 ndimamuikira mogwirizana ndi zimene amaimba. Anti-skate, mphamvu yobweza mkono kuti usamakokedwere pakati pa mbale, ndinayambira pa 2.5, n'kuitsitsa mpaka 2 nditamvetsera mbale yoyesera.

Ndinalumikiza kabokosi ka phono, ma ohm 100, kukulitsa kwa 60 dB. Inali cha m'ma 2 koloko masana, magetsi alipo. Nditakweza voliyumu mbale isanaikidwe, munali zii. Tinaimba mbale zisanu, mayi anatipatsa tiyi ndi mbatata, ndinalandira ndalama zanga, ndinakwera kombi ndikudzitama mumtima.

Ulendo wachitatu

Patapita masiku awiri, foni inalira usiku. "Amisiri, m'sipika mwalowa njuchi."

Ndinaganiza za waya wa ground, woletsa kung'ung'udza kwa magetsi, ndinawauza kuti amange kanati kake. Sizinasinthe. Loweruka masana ndinapita, ndinayatsa, munali zii ngati tsiku lija. Ndinagwedeza mawaya onse, ndinasuntha kabokosi, ndinayatsa ndi kuzimitsa magetsi a m'chipindamo, osamva kanthu. Ndivomereze kuti mumtima ndinayamba kukayikira makutu a bambowo. Ndikulongedza zida, mayi amene ankasita zovala pakhonde anati, "Inu abambo, mwawauza amisiriwa kuti zimayamba magetsi akathima? Ngakhale filiji imasintha kaliridwe."

Ndinapita pa bokosi la magetsi, ndinagwetsa switchi yaikulu kuti nyumba ilowe pa inveta. Njuchi zija zinafika nthawi yomweyo, zzzz, mbali zonse ziwiri.

Invetayo anaigula mothamanga kumapeto kwa 2022, pamene madzi anatsika ku damu lopangira magetsi la Kariba ndipo magetsi ankathima mpaka maola 18 patsiku. Ndi ya mtundu wa modified sine wave. Magetsi ake sakwera ndi kutsika mosalala, amapita ngati masitepe, ndipo m'makona a masitepewo mumabadwa phokoso la 150, 250, 350 Hz ndi kupitirira, pamwamba pa 50 Hz ya masiku onse. N'chifukwa chake silimveka ngati mmm wa ground yoduka, limamveka ngati njuchi. Ndi katiriji yakale phokosoli linalipo, koma linali pansi kwambiri. Ine ndinabweretsa kabokosi kokulitsa kakhumi kuposa kale, kodyera pa kaadaputa kotchipa, n'kukalumikiza ku magetsi amene sindinawayese. Kumbukiraninso kuti phono iliyonse imakweza mawu okhuthala motsatira muyezo wa RIAA umene opanga mbale amatsatira, pafupifupi 17 dB pa 50 Hz, ndiye chilichonse chodetsedwa cha m'dera limenelo chimalandiridwa ndi manja awiri.

Kuti nditsimikize polowera, ndinachotsa mawaya a galamafoni n'kutseka polowetsera ndi timapulagi tofupikitsa. Njuchi zinalipobe, kusonyeza kuti katiriji ndi mkono zinalibe mlandu. Kenako ndinabwereka batire ya mavoti 12 ya mota ya pageti, ndinadyetsa kabokosiko pa batireyo, phokoso linatsala lochepa zedi. Linkalowera pa adaputa.

Kulakwa kwanga kunali kosavuta kukupewa. Bambowa amaimba madzulo, ndipo madzulo ambiri nyumbayi imakhala pa inveta. Ine ndinayesa masana. Chiyambire tsiku limenelo, ntchito iliyonse ya phono ndimaiyesa kawiri, pa magetsi a pamzere ndi pa inveta kapena jenereta, ndisanalandire ndalama. Funso loti "magetsi akathima mumagwiritsa ntchito chiyani" ndimalifunsa pafoni pomwe.

Tinakhala pansi kukambirana njira. Inveta ya pure sine wave ndiyo mankhwala enieni, ndipo ndinawauza kuti ngakhale thiransifoma ya m'ampulifaya yawo ikung'ung'udza chifukwa cha magetsi amenewa, koma ndalama yake panthawiyo panalibe. Kudyetsa phono pa batire kukanatheka, kungoti sindinafune kupatsa munthu wamkulu ntchito yotchaja batire asanamvere nyimbo. Njira yotchipa kwambiri inali kubwerera ku 2M Blue n'kugula singano yake yokha, imene imangosololedwa ndi zala. Kunena zoona, akanandifunsa katiriji isanagulidwe, ndikanawalangiza zimenezo, kapena kukwera ku 2M Bronze, imene ikanalowa pa ampulifaya yawo popanda chowonjezera. Bambowo anapukusa mutu. "Mwana wanga akubwera pa Khirisimasi. Adzapeze mphatso yake ili m'kabati?" Nkhani inathera pamenepo, ndipo ndikuganiza kuti sanalakwe. Ntchito yathu si ya mawaya okha.

Tinagwirizana za thiransifoma yokwezera mawu, imene ambiri amaitcha step-up. Siidya magetsi, choncho ilibe adaputa yoti phokoso lilowerepo. Ya 1:10 imasandutsa 0.3 mV kukhala pafupifupi 3 mV, zimene polowetsera pa MM pamalandira bwino. Ma ohm 47,000 a polowetserapo katiriji imawaona atagawidwa ndi 100, kutanthauza 470, ndipo kwa katiriji imene makoyilo ake ndi ma ohm 40 zimenezo zili bwino. Tinapeza yogwiritsidwapo kale ntchito ku Johannesburg, inabwera pa basi ndi m'bale wina patatha milungu itatu.

Ulendo wachinayi ndinafika dala 6 koloko madzulo. Nditangolumikiza, kunamveka mmm wokhuthala, ndipo bambowo anandiyang'ana osanena kanthu. Ulendo uno sindinatekeseke. Kabokosi ka step-up ndinali nditakaika pamwamba pa ampulifaya, ndipo thiransifoma yaing'ono yotere imatola mphamvu ya maginito yochokera ku thiransifoma yaikulu ya magetsi. Ndinakanyamula m'manja voliyumu ili yokweza, n'kumakayendetsa pang'onopang'ono. Kakatalikira, phokoso linkatsika, ndikakatembenuza linkasintha. Pa shelefu ya m'munsi, kumanzere, katapenya kukhoma, linazimiririka. Ndinajambula malowo ndi pensulo kuti wopukuta fumbi azikabwezera pomwepo. Waya wochoka pa kabokosi kupita ku ampulifaya ndinaika wa theka la mita, chifukwa wautali umadya mawu osongoka ukakhala mbali imeneyo. Ground inachoka pa galamafoni kupita pa kabokosi, n'kuchoka pa kabokosi kupita pa ampulifaya.

Magetsi anathima okha cha m'ma 7. Pa voliyumu imene amamvera, sitinamve kanthu. Nditakweza mpaka kumapeto n'kuika khutu pa sipika, njuchi imodzi inalipo chapatali, monga mmene ziyenera kuti zinalili nthawi ya katiriji yakale. Chotsegulira voliyumu tsopano chimakhala chokwererapo pang'ono kuposa kale, popeza 3 mV ndi pafupifupi theka la 5.5, ndipo ndinawafotokozera kuti asaganize kuti china chawonongeka.

Mmene zinathera

Pa mbale za 45 kusintha kunali kwakukulu. Singano ya DL-103 ndi yobulungira, ndipo pa mbale zotopa ngati zimenezi imakhululuka zambiri: kuthetheka kunachepa, gitala wa besi wa sungura anamveka wonenepa, ng'oma zinabwera kutsogolo. Pa ma LP a makwaya, nyimbo yomaliza ya mbali iliyonse inkasasabe pang'ono pamene masoprano akwera. Zimenezo si vuto la kamangidwe. Kunja kwa LP kanjira kamathamanga pafupifupi masentimita 50 pa sekondi, kufupi ndi pakati kamatsika kufika cha m'ma 21, ndiye timakwinya ta mawu osongoka timapanikizana moti nsonga yobulungira siikwanamo bwino. Ndinawauza zimenezi mosabisa.

Pofuna kuthetsa zimenezo ndinapereka malangizo amene tsopano ndimaona kuti anali osathandiza. Ndinati agule headshell yachiwiri ndi singano yatsopano ya 2M Blue, kuti ma LP aziimbira imeneyo. Mwana wawo anabwera nazo mu Disembala, ndinazimanga. Koma kusinthako kumafuna kuchotsa step-up, kuchotsa kachitsulo ka kumbuyo, kuyezanso kulemera ndi kukweza mkono. Kwa ine ndi mphindi khumi, kwa bambo a zaka 70 amene manja amanjenjemera pang'ono ndi chiopsezo. Anayesa kamodzi ndili pomwepo, nati, "Iyi ikhale ya mdzukulu." Ili m'kabati. Paulendo womwewo mwanayo anasintha inveta, ndipo njuchi yotsala ija inapita.

Mbale zinayi za 45 zimene ankaziimba mobwerezabwereza m'milungu iwiri ija zimasasa mpaka lero pamalo okweza, ngakhale nditazitsuka. Imodzi ndi imene anavinira pa ukwati wawo. Mnyamata uja anandifunsa pambali ngati anaiwononga ndi iye. Ndinamuyankha zimene ndikukhulupirira: singano yakale yoperepeseka ija inadutsamo zaka zambiri iye asanakhudze chilichonse, ndipo zipsera ziwirizi sizisiyanitsika. Ndinamuphunzitsa kuyandamitsa mkono ndi kugwiritsa ntchito sikelo, ndipo tsopano ndi amene amayeza kulemera mwezi uliwonse n'kunditumizira chithunzi pa WhatsApp.

Popeza singanoyi ikatha katiriji yonse iyenera kutumizidwa kunja kuti akaike nsonga ina kapena kusinthanitsa, ndinawapempha bambowo kuti aziwerengera maola. Sindinaganize kuti ndikulankhula ndi munthu wa maakaunti. Nditadutsako mu Malichi 2024, ananditulutsira kope la sukulu lojambulidwa mizere ndi rula: tsiku, nambala ya mbale, mphindi, ndi chiwonkhetso pansi pa tsamba lililonse. Linali pa maola 212 ndi mphindi 40. Sikelo inaonetsa 2.5, nsonga inali yoyera, ndipo kabokosi kanali pa mzere wake wa pensulo.